Kusamutsa mabanja sikudzapepuza chisumbu cha Java

Prabowo Subianto atalumbira kukhala mtsogoleri wa dziko la Indonesia mu Okutobala 2024, anakhazikitsa maunduna ambiri, ndipo umodzi mwa iwo unautsa mapiri pachigwa. Uwu ndi unduna woona zosamutsa anthu kuchoka pazisumbu zothithikana kupita kumadera a anthu ochepa, ntchito imene eni ake amaitcha transmigrasi. Pasanathe masabata angapo, ophunzira ndi atsogoleri a mipingo ku Papua, dera la kum'mawa kwenikweni kwa dzikolo, anali atayamba kale kukana, poopa kuti zombo zodzaza mabanja a ku Java ziyambanso kukocheza pamagombe awo monga zinkachitikira m'nthawi ya Suharto, mtsogoleri wakale wa dzikolo. Boma linayankha kuti silikufuna kutumiza anthu ochokera kwina ku Papua, koma mtsutso sunazizire, chifukwa funso lake ndi lakale kwambiri: ngati anthu apanikizana mbali imodzi ya dziko pamene mbali ina kuli nkhalango, si chanzeru kutenga ena n'kukawaika uko? Ine ndikuti si chanzeru. Indonesia yayesa njira imeneyi kwa zaka zoposa 100, ndipo Java sinapepukepo. Chimene chinachepetsa liwiro la kuchulukana kwa anthu ndi kulera, sukulu ndi chisamaliro cha amayi kumidzi, ndipo ndalama zimene boma likufuna kuthira pa kusamutsa anthu zikadathandiza kwambiri zikadatsata njira yomweyo.

Tiyambe taona kukula kwa nkhaniyi, chifukwa amene amalimbikitsa kusamutsa anthu sakunama akamati Java yadzaza. Kalembera wa 2020 anapeza kuti m'dzikolo muli anthu 270 miliyoni, ndipo ndi lachinayi padziko lonse pa kuchuluka kwa anthu, kutsatira India, China ndi America. Zisumbu zake ndi zoposa 17,000, koma anthu 56 mwa 100 alionse amakhala pa Java pokha, chisumbu chimene malo ake ndi pafupifupi magawo 7 mwa 100 a nthaka ya dziko lonselo. Kuti timvetse bwino, Java ndi yokulirapo pang'ono chabe kuposa Malawi pamodzi ndi nyanja yake. Kalembera wathu wa 2018 anawerenga anthu 17.5 miliyoni, ndipo timadandaula kale kuti minda yachepa. Pamalo ofanana kukula ndi athuwa, Java ili ndi anthu oposa 151 miliyoni. Pamene zili choncho, Kalimantan, gawo la Indonesia la chisumbu cha Borneo, imene ndi yaikulu kangapo kuposa Java, ili ndi anthu 6 okha mwa 100 alionse a m'dzikolo. Aliyense woyang'ana mapu angafike msanga pa ganizo losamutsa anthu, ndipo n'chifukwa chake ganizoli silifa.

Mfundo yoyamba ya mbali inayo ndi imeneyi, ndipo yankho lake lili m'masamu. Ntchitoyi anaiyambitsa ndi atsamunda achidatchi mu 1905, pamene anatenga mabanja 155 pakati pa Java n'kukawaika ku Gedong Tataan m'chigawo cha Lampung, kum'mwera kwa Sumatra. Dziko litalandira ufulu, mtsogoleri wake woyamba Sukarno anaipitiriza, ndipo Suharto anaikuza kwambiri ndi ngongole za Banki Yaikulu Padziko Lonse. Pachimake pake, pakati pa 1979 ndi 1984, anasamutsa anthu pafupifupi 2.5 miliyoni. Chiwerengerochi ndi chachikulu, ndipo sindikuchipeputsa. Koma taonani zimene zinkachitika m'mbuyo mwawo. Mu 1980 Java inali ndi anthu 91 miliyoni, ndipo pofika 1990 anali 107 miliyoni. Izi zikutanthauza kuti chaka chilichonse ankawonjezekera ndi anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka, pamene boma, litatulutsa mphamvu zake zonse, zombo, ndege ndi mathirakitala, linkachotsa theka la miliyoni. Kunali kukapa madzi m'bwato ndi chikho pamene chiboo sichinatsekedwe. Ngati boma lankhondo, lokhala ndi ndalama za mafuta ndiponso losaopa wotsutsa, linalephera kupambana masamu amenewa, sindikuona kuti unduna wa lero uchita bwanji.

Komanso malo amene amaoneka opanda anthu pamapu ali ndi zifukwa zake. Java sinadzaze mwangozi. Mapiri ake ophulika moto, monga Merapi ndi Semeru, akhala akuthira phulusa lachonde m'zigwa kuyambira kalekale, moti mlimi amakolola mpunga kawiri kapena katatu pachaka pakamunda kakang'ono. Nthaka yambiri ya ku Kalimantan ndi yosiyana: pena ndi yosuluka, pena ndi madambo akuya a zinyalala za mitengo zimene zakhala zikuwola m'madzi kwa zaka zikwizikwi. Banja losamutsidwa linkapatsidwa mahekitala awiri, kanyumba kamatabwa, mbewu, makasu ndi chakudya cha chaka chimodzi. Chaka chikatha, ambiri ankapeza kuti luso lawo lolima mpunga wothirira silikugwira ntchito panthaka yotero. Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha pakati pa zaka za m'ma 1990, pamene Suharto analamula kuti madambo okwana mahekitala miliyoni imodzi m'chigawo chapakati cha Kalimantan asanduke minda ya mpunga. Anakumba ngalande zamakilomita zikwi zingapo, madzi anatuluka, nthaka inauma, ndipo mu 1997 inayaka moto umene utsi wake unaphimba ngakhale Singapore ndi Malaysia. Mpunga sunapezeke, ndipo mabanja ambiri amene anaikidwa kumeneko anachokako. Lero boma likugwetsanso nkhalango ku Merauke, kum'mwera kwa Papua, kuti lilime mpunga ndi nzimbe, pamalo amene a mtundu wa Marind amapezapo chakudya chawo. Phunziro la Kalimantan likuoneka kuti silinamveke.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera, ndipo ndiyenera kuivomereza pamene ili yoona. Amati: iwalani masamu a Java, onani mabanja amene anapindula. Zoonadi alipo. Munthu amene ku Java ankangogwira maganyu m'minda ya eni ake anakhala ndi munda wakewake. Mzinda wa Metro ku Lampung unayamba ngati mudzi wa osamutsidwa. Ku Riau ndi ku Jambi, ena amene anapatsidwa minda ya migwalangwa yoyenga mafuta anaphunzitsa ana awo mpaka kuyunivesite. Ife Amalawi nkhani yotere si yachilendo kwa ife, chifukwa kuyambira 2004 ntchito ya Kudzigulira Malo inathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, kupeza minda ku Mangochi, ku Machinga ndi maboma ena oyandikana nawo. Amene anapita ambiri anakolola zochuluka kuposa kale, ndipo palibe angawanene kuti analakwa. Koma Thyolo ndi Mulanje adakali othinana mpaka lero. Apa ndiye pagona kusiyana kumene ndikufuna tikuone. Kupatsa banja losauka munda ndi ntchito yabwino yothandiza banjalo. Kunena kuti ntchitoyo ithetsa kuthithikana kwa dziko ndi nkhani ina, ndipo ndi bodza. Ndiponso pamafunika kufunsa kuti mundawo wachokera kwa yani. Kwathu kuno malowo ankagulidwa kwa eni maesiteti ofuna kugulitsa. Ku Indonesia boma linkangolemba kuti nkhalango ndi yaboma, ngakhale kuti munali manda, minda ya kasinthasintha ndi mitsinje ya anthu amene makolo awo anakhalamo chikhalire.

Pamenepa tafika pa mfundo yachitatu, yonena za umodzi. Dziko la zinenero zoposa 700 ndi mitundu mazanamazana, amatero, liyenera kusakaniza anthu ake kuti asamaonane ngati alendo. Cholingacho n'chabwino, koma zotsatira zake zinali zina. Ku Lampung, kumene ntchitoyi inayambira, a mtundu wa Java tsopano ndi oposa theka, ndipo eni nthaka safika ngakhale 20 mwa anthu 100. Ku Sambas mu 1999 ndi ku Sampit mu 2001, madera a ku Kalimantan, kunabuka nkhondo pakati pa eni dera ndi obwera a mtundu wa Madura, ochokera kuchisumbu cha Madura pafupi ndi Java. Ku Sampit ndi madera ozungulira kunafa anthu pafupifupi 500, ndipo oposa 100,000 anathawa, ena mwa iwo obadwira komweko amene Madura sankamudziwa n'komwe. Sindikunena kuti boma ndilo linabweretsa onsewo, chifukwa ambiri anabwera okha, ndipo kupha munthu kulibe chodzikhululukira. Koma mkwiyo unakula m'dera limene eni ake anaona nkhalango zawo zikupatsidwa kwa makampani a matabwa ndi kwa alendo popanda wowafunsa. Ku Papua, m'matauni angapo akuluakulu, eni dera ndi ochepa kuyerekeza ndi obwera, ndipo malonda ambiri ali m'manja mwa obwerawo. Munthu wa kumeneko akamva mawu oti transmigrasi, samva umodzi, amamva kuti achepetsedwa pakwawo.

Chimene chinamangadi Indonesia pamodzi ndi china. Mu 1928 achinyamata omenyera ufulu analumbira kuti adzakhala ndi dziko limodzi, mtundu umodzi ndi chinenero chimodzi, ndipo sanasankhe Chijava ngakhale kuti a mtundu wa Java ndi pafupifupi 40 mwa anthu 100. Anasankha Chimalay, chinenero chamalonda cha m'madoko, chimene sichinali cha mtundu waukuluwo. Kenako, pakati pa 1973 ndi 1978, boma linamanga sukulu zapulayimale zoposa 61,000, ndipo chinenerocho chinafika kumudzi uliwonse kudzera mwa mphunzitsi. Mwana wa ku Flores ndi wa ku Aceh, madera otalikirana kwambiri, amamvana lero chifukwa cha bolodi ndi choko, osati chifukwa wina anawakweza chombo.

Tsopano tione chimene chinagwira ntchito pa kuchulukana kwa anthu. Sukarno sankafuna kumva za kulera, ankakhulupirira kuti dziko lalikulu limafuna anthu ambiri ndipo otsalira adzasamutsidwa. Suharto anasintha maganizo amenewa, ndipo mu 1970 boma linakhazikitsa bungwe loona za kulera lotchedwa BKKBN. Nthawi imeneyo mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 5.6 tikagawa mofanana. Lero chiwerengerocho chili pafupi ndi 2.2. Uthenga woti ana awiri akwanira unalembedwa pazipata za midzi, ndipo ngakhale pakandalama kachitsulo ka 5 rupiah ka mu 1974 anajambulapo bambo, mayi ndi ana awiri. Koma zikwangwani pazokha sizikanatha. Dzikoli lili ndi Asilamu ochuluka kuposa mayiko ambiri, pafupifupi 87 mwa anthu 100, ndipo akuluakulu a ntchitoyi anakhala pansi ndi mabungwe awiri akuluakulu achisilamu, Nahdlatul Ulama ndi Muhammadiyah, mpaka mashehe ambiri anavomereza kuti kutalikitsa nthawi yobereka sikutsutsana ndi chipembedzo. Zipatala za mabungwewo zinayamba kupereka njira zolerera. Amene amati anthu opembedza sangalandire kulera ayenera kuphunzira mbiri imeneyi.

Gawo limene limandigwira mtima kwambiri ndi la sikelo ya kumudzi, imene kumeneko amaitcha posyandu. Kamodzi pamwezi, pakhonde la nyumba ya mfumu kapena pabwalo la msonkhano, amayi odzipereka a m'mudzi momwemo amapachika sikelo pamtanda wa denga, amaika mwana m'kansalu n'kumukoloweka, ndipo amalemba kulemera kwake pakhadi. Pomwepo mwana amalandira katemera, mayi woyembekezera amayezedwa, ndipo wofuna mapiritsi kapena jakisoni wolerera amathandizidwa ndi munthu amene amamudziwa dzina. Kuyambira 1989 boma linatumizanso azamba ophunzira oposa 50,000 kukakhala kumidzi. Mayi amene waona kuti ana ake awiri oyamba akula osamwalira sakhalanso ndi mantha amene ankachititsa agogo ake kubereka asanu ndi awiri. Mtsikana amene watsala pasukulu mpaka zaka 18 amayamba mochedwa ndipo amadzisankhira. Chiwerengero cha Java chikadakhala chokwera kwambiri kuposa lero pakadapanda zinthu zimenezi, ndipo ana amene sanabadwe mosakonzekera ndi ochuluka kutalitali kuposa anthu onse amene zombo zinanyamula.

Wina anganene kuti ndikutamanda ntchito imene inali ndi nkhanza zake, ndipo akunena zoona. M'nthawi ya Suharto mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amayi oti alowe m'ndondomeko ya kulera, ndipo panali misonkhano imene asilikali ndi apolisi ankakhalapo pamene amayi ankaikidwa lupu kapena zolerera za pamkono, ena osafotokozeredwa bwino. Ku Bali, pamsonkhano wa mudzi ankapachika mapu osonyeza njira imene banja lililonse likugwiritsa ntchito, chinsinsi cha kuchipinda n'kukhala pambalambanda. Zimenezo zinali zolakwika ndipo zisadzabwerenso. Koma taonani zimene zinachitika Suharto atagwa mu 1998. Chikakamizo chinatha, mphamvu zambiri zinapita kumaboma aang'ono, koma mabanja sanabwerere ku ana asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ku Jakarta, mzinda waukulu wa dzikolo, lero mayi amabereka ana osafika awiri tikagawa mofanana. Kumene chiwerengero chidakali chokwererapo, monga ku Papua ndi ku Nusa Tenggara Timur, ndi komwenso zipatala zili kutali ndipo umphawi ndi waukulu. Izi zikundiuza kuti chimene chinakhalitsa ndi chimene anthu anachilandira ndi mtima wawo. Kukakamiza, kaya pa kulera kaya pa kusamutsa, n'kumene kunasiya zipsera.

Mfundo yomweyo yosamutsa yabweranso m'chovala chatsopano, chimene ndi likulu latsopano la Nusantara kum'mawa kwa Kalimantan. Joko Widodo, amene anali mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, analengeza ganizoli mu 2019, nyumba ya malamulo inalivomereza mu 2022, ndipo mtengo wake unayerekezedwa pa 466 thiriliyoni rupiah. Pali zifukwa zomveka zofunira kuti maofesi a boma akhale pakati pa dziko, ndipo sindikukangana nazo pano. Chimene ndikukana ndi kunena kuti likululi lipulumutsa Jakarta. Mapulani ake akuti pofika 2045 mudzakhala anthu pafupifupi 1.9 miliyoni, pamene Jakarta ndi matauni omuzungulira ali ndi anthu oposa 30 miliyoni. Ife tinasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo Lilongwe anakula ndithu, koma Blantyre sanaleke kudzaza. Jakarta akumira chifukwa madzi a m'mipope safika kwa anthu ambiri, motero nyumba, mahotela ndi mafakitale amapopa madzi apansi, nthaka n'kumatitimira. Ku Muara Baru, kumpoto kwa mzindawu, kuli mzikiti umene anthu ankapempheramo kale, koma lero waima m'nyanja kuseri kwa khoma lotchinga madzi, mafunde akulowa pakhomo. Nduna zikasamuka, asodzi ndi ogulitsa pamsika a kumeneko adzatsala pomwepo. Chimene akufuna ndi mipope ya madzi, ngalande ndi sitima za m'tauni zonga ija inatsegulidwa mu 2019.

Pali chinthu china chimene olimbikitsa kusamutsa amachiiwala: anthu a ku Indonesia safuna kuphunzitsidwa kuyenda. A mtundu wa Minangkabau ali ndi mwambo woti mnyamata achoke kwawo akafune moyo kwina, n'chifukwa chake malo odyera a chakudya cha ku Padang amapezeka m'tauni iliyonse. A mtundu wa Bugis akhala akuyenda panyanja ndi kumanga midzi m'magombe akutali kwa zaka mazana. Chisumbu cha Batam, pafupi ndi Singapore, chinali ndi asodzi zikwi zochepa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma mafakitale ndi doko zitabwera, anthu anafika okha mpaka kupitirira miliyoni imodzi. Choncho ngati boma likufunadi kuti zisumbu zina zikule, liike kumeneko magetsi, madoko, makoleji ndi zipatala, poyamba kwa eni dera, ndipo ofuna kupita adzapita ndi ndalama zawo, pa nthawi yawo, akudziwa chimene akukatsata.

Nkhawa yanga yaikulu ndi yoti mtsutso wa kusamutsa ukubisa vuto lenileni la chiwerengero cha anthu m'dzikolo, limene ndi nthawi. Kalembera wa 2020 anaonetsa kuti anthu pafupifupi 71 mwa 100 ali pamsinkhu wogwira ntchito, zaka 15 mpaka 64. Mwayi wotere umabwera kamodzi, ndipo unabwera chifukwa cha kulera kuja. Koma okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo adutsa kale 10 mwa 100, ndipo akuchulukirachulukira. Pamene zili choncho, ofesi ya boma yowerengera inapeza kuti mu 2023 achinyamata pafupifupi 10 miliyoni a zaka 15 mpaka 24 sanali pasukulu, pantchito kapena pamaphunziro a luso. Ogwira ntchito oposa theka ali m'ntchito zosalembedwa, monga kabaza wa njinga zamoto ndi kugulitsa m'misewu, zopanda penshoni. Mwana mmodzi mwa asanu alionse osakwana zaka zisanu ndi wopinimbira. Mnyamata wa mumzinda wa Surabaya ku Java amene wamaliza sekondale sakusowa mahekitala awiri m'dambo la ku Kalimantan, ndipo ngakhale mutamupatsa sangakhaleko. Akusowa luso limene wolemba ntchito angalilipire.

Unduna watsopanowu ulipo kale, ndiye funso n'lakuti uchite chiyani. Ntchito ilipo yambiri popanda kukweza banja lina lililonse m'chombo. Pali midzi ya osamutsidwa akale imene mpaka lero ilibe zikalata za malo, ndipo ena anadzapezeka kuti minda imene boma linawapatsa ili m'kati mwa nkhalango yotetezedwa kapena m'malire a kampani. Amenewo apatsidwe zikalata zawo, misewu ndi milatho imene analonjezedwa. Mbali inayi, mu 2013 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti nkhalango za makolo si zaboma, koma ndi za anthu amene mwambo wawo umazisunga. Papita zaka zoposa khumi, ndipo malo amene abwezedwa mwalamulo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene eni ake ajambula okha pamapu n'kupereka kuboma. Adayaki, eni nthaka a ku Kalimantan, ndi Amarind a ku Merauke akudikira kuti chigamulo chimenecho chifike pamidzi yawo thirakitala lisanafike, ndipo undunawu uyambire pamenepo.